Maluwa a pinki a ku Chichibu: amene mukufuna kukaona musachedwe

Nachisale: Mwaswera bwanji abale nonse. Lachiwiri lapitali kunalibe kalasi, ndiye ndinati ndisangobindikira m'chipinda, ndinakwera sitima kupita ku Chichibu, m'chigawo cha Saitama kuno ku Japan, kukaona maluwa aja akhala akutikodola pa zithunzi za m'masiteshoni chiyambire mwezi uno. Paki yake ndi Hitsujiyama. Zithunzi ndaika zinayi, koma zimene maso anaona foni yalephera kuzitola.

Kuchokera pa siteshoni ya Seibu-Chichibu ndi ulendo wapansi wa mphindi ngati 20, ndipo chakumapeto kuli chikweza choti umafika pamwamba uli wefuwefu. Umayenda m'mitengo osaona kanthu, kenako mitengo ija imangotha, n'kupeza chigwa chonse ndi zitunda zake zili psuu. Ndinaima kaye, anthu akundilambalala. Zinali ngati amayi a mudzi wonse achapa zitenje zatsopano n'kuziyanika pansi tsiku limodzi: apa pinki wakupsa, apo pinki wotuwira, uko zoyera mbee, kwinako pepo, mizere yake yokhotakhota ngati mtsinje. Kuseri kwake kwaima chiphiri chotuwa chotchedwa Buko, chosemedwa mbali yonse. Ndabwerako mtima uli phee. Amene muli pafupi pitani sabata ino, maluwawa sadikira munthu.

Nabanda: Eee achemwali, amenewa ndi maluwa enieni? Mwana wanga waona chithunzi chachiwiri chija akuti ndi kapeti.

Nachisale: Enieni, Anabanda. Eni dziko amati shibazakura. Shiba ndi kapinga, sakura ndi mtengo wa maluwa uja tinakaona kumayambiriro kwa mwezi. Ndiye tinene kuti sakura wa pa kapinga. Duwa lake likufanana ndi la sakura, koma m'malo mokhala m'mwamba limayala pansi. Malo onse obzalidwa ndi masikweya mita 17,600, maekala anayi ndi kachidutswa, ndipo mbewu zake n'zoposa 400,000. Tsiku limene ndinapitalo, polowa akuluakulu ankalipira 300 yen, ana a pulayimale sankalipira.

Mayi a Tadala: Zikomo potikumbukira ife a kumudzi. Koma ndithandizeni, maluwa akuchita bwanji mu Epulo? Kuno ku Zomba mvula yasiya, chimanga chauma, tikungoganiza zokolola.

Malume a ku Kawagoe: Mayi, kuno nyengo zimayenda mosemphana ndi kwathu. Disembala mpaka Febuluwale ndi chisanu choopsa, mitengo yambiri imakhala mbulanda. Kukayamba kufunda mu Malichi zonse zimaphukira motsatizana, nyengo imene iwo amati haru. Sakura akayoyoka, shibazakura amalandira, kuyambira pakati pa Epulo mpaka masiku oyamba a Meyi.

Tsono Anachisale mwachita bwino kupita mkati mwa sabata. Ndichenjeze amene mwabwera kumene: pa 29 Epulo pakuyamba tchuthi chimene amati Golden Week. Pa 29 ndi holide, pa 3, pa 4 ndi pa 5 Meyi ndi maholide, ndipo anthu ambiri amalumikiza masiku apakatiwo. Dziko lonse limatuluka m'nyumba. Ine chaka china ndinapita pa 3 Meyi pa galimoto ndi banja lonse, kudzera msewu wa 299 wochokera ku Hanno. Ulendo woti ndimayenda ola limodzi ndi theka unanditengera m'mawa wonse, ana akulira kumbuyo. Titafika, maluwa oyambirira anali atayamba kufota, zobiriwira zikuonekera pakati. Chiyambire pamenepo ndimakwera sitima basi.

Koma kunena mosabisa, ine ndimakonda za ku Fuji kuposa za ku Chichibu. Kufupi ndi nyanja ya Motosu, ku Yamanashi, kumachitika chionetsero cha maluwa omwewa chaka ndi chaka kuchokera mu 2008. Kumbuyo kwake ndi phiri la Fuji lenilenilo, mamita 3,776, chipale chili mbee pansonga. Anaumbanso kaphiri kakang'ono ka maluwa kofanizira Fuji. Chithunzi cha kumeneko ukachitumiza kumudzi palibe amafunsa kuti uli kuti. Pamene ku Chichibu phiri lija la Buko analigumula, limaononga chithunzi.

Nabanda: Amalume, ku Fuji ndinapitako chaka chatha pa basi yochokera ku Kawaguchiko. Maluwa ndinawaona, koma phiri silinatuluke tsiku lonse, mitambo yokhayokha. Anthu ankati ndikanafika m'mamawa.

Malume a ku Kawagoe: Zimenezo n'zoona. Fuji amaoneka bwino m'mawa, dzuwa likakwera amadzifunditsa. Ubwino wake n'ngwakuti kumeneko n'kozizirirapo, maluwa amakhalitsa mpaka chakumapeto kwa Meyi, ndiye ukaphonya Chichibu mwayi ulipobe.

Nachisale: Amalume, pa za phiri la Buko ndisiyana nanu pang'ono, mundikhululukire. Kwa ine phiri limenelo ndi limene linachititsa kuti ndisachoke msanga. Ndinakhala pa benchi n'kumaliyang'ana. Mbali imene yayang'ana tauni anaidula makwereromakwerero, yatuwa ngati phulusa, ndipo ukatchera khutu umadziwa kuti ntchito ikupitirira. Ndi miyala ya laimu imeneyo, yopangira simenti. Nyumba zosanja ndi milatho imene timaigomera ku Tokyo, ina mwa simenti yake inachokera m'phiri limeneli. Panopa ndi lalitali mamita 1,304, koma kale linkaposa pamenepo, nsonga yake inatsika chifukwa cha kukumba.

Ndiye taganizani, anthu a tauni imeneyi akhala akuona phiri lawo likudyeka tsiku ndi tsiku, phiri limene makolo awo ankalilemekeza ngati malo a mizimu. Kenako mu 2000 anayamba kubzala maluwa patsinde pake penipeni. Chithunzi chokhala ndi maluwa okha, phiri osaoneka, chikunama. Ine ndasankha dala zimene phiri likuoneka.

Mayi a Tadala: Mwandikumbutsa ku Changalume kuno. Nako anakumba laimu wa simenti zaka zambiri, bala lake lilipo mpaka lero.

Malume a ku Kawagoe: Ayi mwayankhula, mwana wanga, sindinaganizepo choncho. Ndiwonjezere chimodzi poti mwatchula za mizimu. Pa 2 ndi pa 3 Disembala ku Chichibu kumakhala mwambo waukulu wa usiku, Chichibu Yomatsuri. Amakoka ngolo zikuluzikulu zamatabwa, zosemedwa mwaluso, zodzaza nyali, ng'oma zikulira mkati. Nthano yawo imati usiku umenewo mzimu wachimuna wa m'phiri la Buko umakumana ndi mzimu wachikazi wa ku kachisi wa Chichibu, kamodzi pa chaka. Makombola a moto a usiku umenewo amawaphulitsira m'paki yomweyo ya Hitsujiyama. Ndipo mizere yokhotakhota mwaiona m'maluwayo sanangoijambula, anatengera maonekedwe a zovala za anyamata amene amakwera pa ngolozo n'kumakuwa kulimbikitsa okoka. Mwambowo unalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2016 pamodzi ndi miyambo ina ya ngolo ya m'dziko muno. Ndinakaonerapo kawiri, kuzizira kwake n'kosasimbika, koma ndidzapitanso.

Mbewe wa ku Obihiro: Ndalowa mochedwa, ndinali ku labu. Nkhani ya mbewu yandikoka. Chodabwitsa n'chakuti duwa limeneli si la ku Japan. Kwawo ndi ku North America, chakum'mawa ndi pakati pa United States ndi mbali ina ya Canada, kumene limamera m'malo a miyala ndi mchenga. Dzina lake la sayansi ndi Phlox subulata. Phlox ndi mawu a Chigiriki otanthauza lawi la moto, subulata akunena masamba ake osongoka ngati chisongole chosokera nsapato. N'chifukwa chake mayina a mitundu yake pa timatabwa ta m'paki ndi achizungu. Pinki wakupsa uja wa maluwa akuluakulu ndi McDaniel's Cushion, oyera ena ndi Mont Blanc, palinso Autumn Rose ndi Scarlet Flame. Mitunduyi siphukira tsiku limodzi, ina imafulumira ina imachedwa, ndiye munthu wopita sabata yoyamba ndi wopita sabata yachitatu amaona minda iwiri yosiyana.

Silitalika, masentimita 10 kapena 15 basi. Limayanga ngati kholowa, ndipo nthambi ikakhudza dothi imatulutsa mizu. Kuchulukitsa kwake n'chimodzimodzi mbatata: kudula nsonga n'kubzala, kapena kugawa phata. Maluwa amatenga masabata atatu kapena anayi, miyezi ina yonseyo ndi kamkeka kobiriwira.

Mayi a Tadala: Achimwene, ngati ndi ngati kholowa ndiye basi, Anachisale mutitengereko tinthambi tiwiri pobwera. Pakhomo panga pali chitunda chimene chimakokoloka chaka chilichonse, ndabzalapo kapinga walephera.

Mbewe wa ku Obihiro: Mayi, maganizowo ndi abwino ndipo si inu oyamba. M'midzi ina ya ku Yamaguchi ndi ku Hiroshima alimi amabzala shibazakura m'zitunda za minda ya mpunga. Achinyamata anapita m'matauni, otsala ndi okalamba, ndipo kutchetcha udzu pa chitunda chotsetsereka n'koopsa kwa munthu wa zaka 70. Ndiye amayala chinsalu chakuda chotchinga udzu, n'kuboola timabowo, n'kubzalamo timbewuti. Zikagwirana, ntchito yotchetcha imachepa, dothi limakhazikika, ndipo mu Epulo alendo amabwera kudzaona.

Koma za kunyamula m'chikwama, pepani, ayi. Choyamba, kuthyola m'paki n'koletsedwa, ngakhale kulowa kuseri kwa chingwe. Chachiwiri, chomera chamoyo sichilowa m'dziko popanda chilolezo cha ku unduna wa zaulimi ndi chikalata chotsimikiza kuti chilibe matenda, ndipo lamulo limenelo ndimaliikira kumbuyo. Namasupuni amene watseka mtsinje wa Shire kwawo ndi ku South America, ndipo anayendayenda m'maiko chifukwa anthu ankakonda duwa lake. Chachitatu, mbewu imeneyi inazolowera kugona m'chisanu kenako n'kudzuka, ndipo imadana ndi chinyontho chokhalitsa. Mvula ya ku Zomba ya Januwale ikhoza kuiwoletsa mizu. Pa chitunda chanucho yesani vetiva, mizu yake imalowa pansi kwambiri, ndipo alangizi a zaulimi kwanuko amamudziwa bwino.

Mayi a Tadala: Ndamva. Vetiva alipo kwa aneba, ndikapempha. Ife tidikira jakaranda wathu mu Okutobala, nayenso amayala pansi ndithu.

Mbewe wa ku Obihiro: Ndipo amene muphonye za ku Saitama bwerani kuno ku Hokkaido, nyengo imachedwa ndi mwezi wathunthu. Pakati pa Meyi mpaka kumayambiriro kwa Juni kuli malo awiri, Takinoue ndi Higashimokoto, ndipo aliwonse ndi mahekitala 10, maekala pafupifupi 25. Kumeneko si chigwa, ndi phiri lonse kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ku Higashimokoto umakwera masitepe pakati pa maluwa, ndipo chipata cha kachisi chimene kwina kawirikawiri chimakhala chofiira kumeneko anachipaka pinki. Ku Takinoue anthu ake amanyadira kuti zonsezo zinayamba m'zaka za m'ma 1950 ndi mbande zodzaza bokosi limodzi la manachesi. Bokosi limodzi. Zotsalazo ndi kugawa mapata chaka ndi chaka.

Nachisale: Achimwene a Mbewe, bokosi limodzi limenelo landifikitsa pa chimene ndimafuna kunena kuyambira m'mawa, koma ndimasowa poyambira.

Nditazungulira kawiri ndinatsikira chakumunsi, kumene anthu sachuluka chifukwa chithunzi sichituluka bwino. Ndinanjuta m'mphepete mwa chingwe kuti ndione duwa limodzi palokha. N'kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Timasamba take ndi tisanu, kalikonse kali ndi kampata kunsonga, ndipo pakati pali kadiso kakuderako. Maluwawo athithikana moti masamba obiriwira saoneka, mpaka utasuzumira m'mbali, n'kupeza timasamba tolimba ngati ta paini. Fungo lake ukaima sulimva kwenikweni, koma ukatsika pansi limakupeza, lotsekemera pang'ono. Njuchi zinali balala, agulugufe oyera akudumphadumpha.

Ndili chinjutire choncho ndinaona kuti sindili ndekha. Chapafupi panali agogo ena aakazi, atavala chipewa chachikulu chophimba mpaka khosi, magolovesi, ndi nsapato za mphira. Anali atagwada pa kachiguduli, m'manja kachikwakwa kakang'ono kotalika ngati supuni, pambali kandowa. Amalowetsa zala pansi pa maluwa mosamala ngati akufufuza nsabwe m'mutu mwa mdzukulu, n'kutulutsa kaudzu kamodzi ndi muzu wake, n'kuponya m'ndowa, n'kubwezera maluwa aja pamalo pake kuti pasaoneke mpata. Kenako kusuntha kachiguduli pang'ono, n'kuyambanso. Chijapani changa n'chochepa, ndinangoti kirei desu ne, kutanthauza kuti n'zokongola. Anaweramitsa mutu, n'kundionetsa muzu umene anali atangozula, woyera, wautali kuposa chala changa, n'kupukusa mutu akumwetulira. Sitinafunike womasulira. Aliyense amene anapalirako mtedza amaudziwa udzu woterewu, woti ukaudula pakati umaphukanso pawiri.

Ndinaimirira n'kuyang'ananso maekala anayi aja ndi maso ena. Khasu silingalowemo, lingadule maluwa. Makina otchetchera sangalowemo. Ndiye kuti paliponse pamene ndinkaona pinki wopanda banga panadutsa zala za munthu wogwada. Ife timabwera masabata atatu, kujambula, n'kumapita. Iwo amatsala ndi miyezi khumi ndi umodzi ya mkeka wobiriwira umene palibe amaujambula. Ndinakumbuka amayi anga m'munda wa mtedza ku Mchinji, msana uli kumwamba kuyambira mbandakucha, ndipo misozi inalengeza pamaso pa anthu.

Nabanda: Achemwali mwandikhudza. Ine ku Fuji ndinangothamangira pojambulira.

Mbewe wa ku Obihiro: Mwaona zenizeni. Mdani wamkulu wa shibazakura ndi udzu, makamaka wa mizu yoyenda pansi. Ukangolekerera nyengo imodzi umabowola mkekawo n'kuuphimba, poti mbewuyi ndi yaifupi ndipo imafuna dzuwa lonse. Chinanso, phata likakalamba limauma pakati, pamatsala dazi. Ndiye maluwa akatha amameta, kuthira dothi latsopano pamwamba kuti nthambi zigwire mizu, ndipo malo ofooka amazula n'kubzalanso. Chinyezi ndi kutentha kwa Julayi ndi Ogasiti kumaphanso zambiri. Munda woterewu sumalizidwa kubzala.

Malume a ku Kawagoe: Zaka zonsezi ndapitako kanayi, agogo amenewo sindinawaonepo, poti maso anga amakhala ku kamera. Ulendo uno nditsikira kumunsiko.

Che Saidi: Moni nonse. Ine funso langa ndi la m'mimba. Tikapita ndi ana, chakudya chiliko? Ndipo ena a ife sitidya chilichonse.

Nachisale: Chiliko, Che Saidi, pambali pa maluwa amamanga timisasa togulitsa za m'deralo. Ine ndinadya miso poteto: mbatatesi yophika, yoviika mu ufa n'kukazinga, yobaya pa kamtengo, pamwamba atathira miso wotsekemera, chokometsera chopangidwa ndi soya. Ana angaikonde. Koma chakudya chotchuka kwambiri ku Chichibu, waraji katsudon, ndi nyama ya nkhumba, zidutswa ziwiri zikuluzikulu pamwamba pa mpunga, ndiye chimenecho mupewe. Ngakhale zokazinga zinazo mufunse kaye za mafuta ndi zokometsera. Kunyamula kamba wanu ndiye kosavuta, mabenchi alipo ndipo anthu ambiri amadya zochokera kunyumba. Zinyalala zokha mubwerere nazo.

Kwa ana kulinso khola la nkhosa pafupi pomwepo. Dzina loti Hitsujiyama likutanthauza phiri la nkhosa, poti kale pamalopo ankawetapo nkhosa.

Nabanda: Nanga sitima yake? Ine ndikuchokera ku Yokohama ndi mwana wa zaka zisanu.

Malume a ku Kawagoe: Fikani ku Ikebukuro, mu Tokyo, mukwere sitima ya kampani ya Seibu. Ilipo yothamanga yotchedwa Laview, ya mipando yachikasu ndi mawindo akuluakulu ofika m'mawondo, imatenga mphindi ngati 80 kukafika ku Seibu-Chichibu. Mumalipira tikiti ya ulendo ndi ina ya mpando, ndipo ya mpandoyo muguliretu chifukwa nyengo ino imatha. Musadabwe mukafika pa Hanno sitima n'kuyamba kubwerera chammbuyo, ndi mmene njanji yake ilili, simunasochere. Yotsika mtengo iliponso, kungoti imaima paliponse ndipo nthawi zambiri mumasintha pa Hanno pomwepo. Ndi mwana ndikanakonda mutsikire pa Yokoze, siteshoni imodzi musanafike kumapeto. Mtunda wake ndi wofanana, koma mumadutsa m'minda phiri la Buko likukuyang'anani, ndipo pobwerera mumatsetsereka kupita ku Seibu-Chichibu. Pa siteshoni imeneyo pali malo osambira madzi otentha, miyendo ikatopa.

Che Saidi: Lolemba ndili pa ofu. Ngati ena mungathe tipitire limodzi tchuthi chisanayambe.

Nabanda: Lolemba ndikhoza. Amalume?

Malume a ku Kawagoe: Ndipempha tsiku kuntchito. Ine ndidzakupezani pa Hanno. Mukwere ya m'mawa isanakwane 8 koloko kuti tikafike dzuwa lisanakwere, mitundu imaoneka bwino nthawi imeneyo. Mutenge zipewa ndi madzi, m'maluwamo mulibe mthunzi.

Mayi a Tadala: Mukatijambulireko agogo aja ngati angalole.

Nachisale: Lolemba ndili ndi kalasi masana okha, ndiyesa kupempha ndibwere nanu. Tikalowa pa geti tisatsate gulu lopita kumtunda, tikhotere kumunsi kumene ndinanjuta kuja. Za chithunzi tikapempha kaye, Mayi a Tadala. Akakana, ndidzakujambulirani kandowa kawo.